Mamita Anayi pa Phiri la Chiwinga

"Nanga asaveyawo atsalira kuti?"

Anafunsa a Obadiya Chidothi, eni esiteti, atasuzumira m'landirova mpaka kumbuyo komwe kunali mabokosi. A Enoki, omwe ankayendetsa, anangoyang'ana chiwongolero. Ine ndinali nditatsika kale, ndaima pambali pawo ndi kalata m'manja. Patapita kanthawi a Chidothi anaiona kalatayo, naiwerenga kawiri, milomo ikuyenda ngati akuwerenga mawu m'tchalitchi. Atafika pa dzina langa, Rakele Gwaza, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Anandifunsa mfunda wanga, ndipo kuyambira pamenepo ndinali a Nambewe.

Unali mwezi wa Okutobala, 1986. Panali patatha zaka zitatu chimalizireni maphunziro oyeza malo, ndipo ndinkagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono ku Blantyre. Pa ntchito yathuyi pepala la kusukulu silikwanira. Kuti usayine mapu ndi dzina lako uyenera kukhala ndi laisensi, ndipo laisensiyo imatuluka m'manja mwa akuluakulu asanu okhala pa tebulo lalitali. Mayeso olemba ndinakhoza ulendo woyamba. A kutchire ndinali nditalephera kawiri. Koyamba anati ndachedwa ndi tsiku limodzi kupereka buku la manambala omwe ndinayeza. Kachiwiri sananene chifukwa, anangondifunsa ngati ndili pabanja. Amalola katatu basi. Ukalephera kachitatu umakalambira mu ofesi, kukopera ndi inki mapu a anzako omwe munali nawo kalasi imodzi, ena mwa iwo omwe unkawaonetsa masamu.

Ntchito yomwe anandipatsa ulendo uno inkaoneka yophweka. Ndikwere phiri la Chiwinga, kumalire a Dowa ndi Ntchisi, komwe kuli bikoni, chizindikiro chakale cha oyeza malo cha m'nthawi ya atsamunda. Ndiike makina pamenepo, ndiloze mabikoni ena atatu a m'mapiri akutali, ndionetse kuti manambala anga akukumana ndi a pa khadi la bikoniyo. Kenaka nditsike ndidule malire a munda wa sukulu yomwe ili m'munsi mwa phirilo. Buku likafike ku Blantyre Lachisanu masana. Tinafika Lolemba.

Phiri lonselo linali mkati mwa esiteti ya a Chidothi. Lamulo limalola woyeza malo kulowa paliponse pomwe pali bikoni, koma a Enoki, omwe ananyamula mabokosi a asaveya kwa zaka makumi atatu, anandiuza tili m'njira kuti lamulolo silinaonepo galu. Choncho tinapempha. A Chidothi anatikhazika pakhonde, anatipempherera, anatifunsa ngati makadi a chipani tili nawo. Anati sakufunsa iwo, koma anyamata a chipani amadutsa. Anali mkulu wa mpingo, mmisiri womanga nyumba amene anaphunzira ntchito ku mishoni, ndipo atapuma anatenga malowa n'kuyamba fodya. Anati kuphiri atiperekeza okha, chifukwa mlendo wa boma sakwera yekha.

Tinadutsa matenanti akuthirira nazale kudambo. Onse anasiya makheni n'kumandionerera. Buluku mkazi sankaloledwa kuvala, ndiye ndinakwera ndi siketi yaitali, chitenje pamwamba, dzanja limodzi lagwira nsalu, lina lagwira miyala. A Enoki anasenza bokosi la makina kumsana, akudandaula za mawondo pa mwala uliwonse.

Bikoni ndi chipilala cha simenti chofika m'chiuno. Pamwamba pake pali kamsomali ka mkuwa, ndipo malire a minda, misewu ndi sukulu zonse zozungulira amawerengedwa kuchokera pakati pa kamsomaliko. Zambiri zomwe ndinaziona zinali zong'aluka, zonunkha mbuzi, mkuwa utachotsedwa kale n'kusanduka chibangili. Ya pa Chiwinga inali yoyera mbee. Pozungulira panali posesa, miyala itandandalikidwa ngati pa bedi la maluwa kutsogolo kwa ofesi. A Chidothi anati amaipaka laimu chaka chilichonse pofika Julayi, tsiku lomwe amapaka mitengo ya pageti, chifukwa katundu wa boma akakhala pamalo pako ndiwe mlonda wake. Kenaka anatiloza dziko. Uko ndi ku boma ku Dowa, uko Bowe, uko Chezi, phiri lakuda ilo ndi Ntchisi. Cha kumwera kunkanyezimira malata a ndende ya ku Dzaleka. Chala chawo chinalumpha pamenepo, ndipo ifenso sitinafunse.

Khadi la bikoniyo linalembedwa mu 1954. Linkanena kuti pozungulira pali tizitsulo titatu tokhomedwa pansi monga mboni, mtunda wakuti ndi wakuti, komanso kuti pansi pa chipilala anakwirira botolo m'simenti, kuti chipilala chikadzawonongeka malo ake adzapezeke. Ndinayeza tizitsulo tonse titatu ndi tepi. Tinagwirizana ndi khadi mpaka pa sentimita. Ndinamva mtima kukhala pansi koyamba chinyamukireni ku Blantyre.

Tsikulo sitinaone kanthu. Anthu ankasosa m'minda, ndipo utsi unkameza mapiri dzuwa likangokwera. Lachiwiri tinakwera kusanayere kwenikweni, ndipo mabikoni atatu onse anaoneka, timadontho takuda pamwamba pa mapiri. Ndinawerenga ngodya, a Enoki akunditchinga mphepo ndi jekete lawo. Pofika naini koloko ndinali pansi pa mtengo ndi kakyuleta. Manambala sanakumane.

Sindinachite mantha nthawi yomweyo. Munthu amalemba sikisi pomwe pali naini. Ndinawerengeranso kuyambira pamwamba, kenaka kuyambira pansi. Ndinayesa makina, anali bwino. Madzulo utsi utachepa ndinalozanso mabikoniwo, maso akuyabwa, ndipo zinatuluka zomwezo: makina ankanena kuti ndaima mamita anayi kum'mawa kwa pomwe khadi linkati ndaima. Pa mayeso ankalola masentimita khumi.

Mu faelo yomwe anandipatsa munali ntchito ya a Felton Dzinkambani, omwe anadula malire a esiteti yomweyi mu 1983 kuchokera pa bikoni yomweyi. Manambala awo anakumana ndi khadi mpaka masentimita awiri. A Dzinkambani anali wapampando wa akuluakulu asanu aja. Ndiye wolakwa anali woonekeratu, ndipo anali atavala siketi.

Lachitatu ndinayeza kasanu ndi kamodzi. Ndinasintha diso. Ndinauza a Enoki kuti asasunthe mwendo ndikamawerenga, ngati phiri lingagwedezeke ndi munthu woonda chonchija. Chakudya chomwe mayi Chidothi anatitumizira ndinangochivundukula n'kuchivundikiranso. Chomwe chinkandisokoneza n'chakuti ndikalakwitsa ndine, kulakwitsako kumasintha, lero kwakukulu, mawa kwakung'ono. Uku sikunasinthe. Mamita anayi m'mawa, mamita anayi masana.

Cha m'ma thiri koloko a Chidothi anakwera ndi chigubu cha thobwa. Anandipeza nditakhala pansi, msana ndatsamiritsa pa bikoni, sindikuchitanso kanthu. Ndinasisita m'mphepete mwa chipilalacho ndi chala. M'mphepetemo munali mosemedwa bwino, mosalala, ngati masitepe a kuguwa. Ndinati azungu a mu 1954 ankaidziwa simenti.

"Azungu?" Anaseka, akuthira thobwa m'kapu. "Yawo ija inali ya mchenga wambiri. Iyi ndi ntchito ya manja anga, a Nambewe."

Anafotokoza mosangalala, ngati munthu amene wadikira zaka kuti wina amufunse. Mu 1980 kachere anamera m'mbali mwa bikoni yakale, mizu n'kuing'amba pakati, ndipo mvula ya chaka chimenecho itakokolola dothi, chipilala chinapendekeka. Analemba kalata kawiri, yankho silinabwere. Anaona kuti chikagwa ali pomwepo, mlandu ndi wawo. Ndiye anagula matumba awiri a simenti, anakwera ndi matenanti, n'kumanga china chofanana nacho msinkhu ndi mulifupi momwe. Koma sanamange pa dothi lomwelo, chifukwa mmisiri wanzeru sabwereza kulakwitsa kwa mnzake. Anasunthira pathanthwe.

Ndinafunsa za tizitsulo titatu tija. Anati asanakhudze chilichonse anayeza mtunda wa kachitsulo kalikonse ndi tepi yawo, analemba papepala, ndipo atamaliza kumanga anatikhomeranso pozungulira chatsopanochi, mtunda womwewo. Mkuwa anauchotsa bwinobwino ndi tchizulo, sanaukande n'komwe.

Ndinali nditaimirira. Chipilala chikhoza kusuntha, koma ngati botolo lili pomwe analikwirira, ndikanaika makina pamwamba pa botololo ndipo zonse zikanakumana. Ndinawapempha andionetse pomwe panali yakale, ndipo ndinafunsa ngati anaona botolo pansi pake.

"Labiriwira, lozondoka? Ndinalipeza," anatero. "Lili pansi pa iyi. Ndinaboola thanthwe masiku awiri kuti likhale monga linalili. Ine ntchito ya theka sindigwira."

Pamalo akalewo anazula chitsa cha kachere, dzenje lake lalikulu ngati chipinda, n'kulikwirira kuti mbuzi zisathyoke miyendo. Nditawafunsa pomwe panali pakati penipeni, anatambasula dzanja n'kuzungulitsa malo okwana mphasa zitatu. Anati cha apa.

Ndinamwa thobwalo. Ndinawathokoza. Sindikudziwa kuti nkhope yanga inkaoneka bwanji, koma anandifunsa ngati dzuwa landipweteka.

Potsika ndinawasiya atsogole, ndipo ndinafunsa a Enoki kuti mu 1983 ankagwira ntchito kwa ndani. Anatula bokosi pamwala, nakhala pambali pake. Anati ankagwira kwa a Dzinkambani, ndipo bokosi longa lomweli analikweza phiri lomweli. Bwanayo anayeza m'mawa umodzi, anawerengera, anayang'anitsitsa chipilala choyeracho. Kenaka anaitanitsa buku lina lopanda cholembedwa, ndipo madzulo ake anali akumwa tiyi pakhonde, akuyamikira a Chidothi posamala katundu wa boma.

Ndinawafunsa chifukwa chake anandisiya ndikuwotchedwa ndi dzuwa masiku atatu.

"Ine ndimanyamula, mayi. Manambala sindiwerenga. Ndimati mwina makina a masiku ano ndi ochenjerako."

"Nanga a Dzinkambani anandipatsiranji bikoni imeneyi?"

"Mwina anaiwala," anatero a Enoki, akumanga chingwe cha nsapato chomwe chinali chomanga kale. "Mwina sanaiwale."

Kenaka anandiphunzitsa zomwe ku sukulu sanatiphunzitse. Anati umayambira ku yankho, n'kumabwerera m'mbuyo. Umatenga manambala a pa khadi, umapeza ngodya zomwe makina akanawerenga, umazisokoneza pang'ono kuti zioneke za munthu, n'kuzilemba m'buku latsopano. Bukulo umalipaka dothi pang'ono ndi thukuta. Munda wa sukuluwo ukhala utasuntha mamita anayi papepala, koma esiteti yonseyi inasuntha kale ndipo fodya akubereka. Anazinena mopanda manyazi, ngati akundiuza kaphikidwe ka nyemba.

Kumapeto kwa buku lililonse kunali tsamba losayina. Woyeza ankalumbira kuti manambala onse ndi omwe makina anawerenga, ndiponso kuti bikoni anaipeza ili pamalo pake, yosasunthidwa. Ndikanalemba zoona, ndikanakhala ndikuuza wapampando, pamaso pa anzake anayi, kuti ntchito yake ya 1983 inali yopeka. Laisensi ikanathera pomwepo. Ndipo sizikanathera pa ine. Kusuntha bikoni unali mlandu wa ndende, ndipo masiku amenewo nkhani yoti munthu wagumula chizindikiro cha boma inkakula ikamayenda. Mayi Chidothi anali atandiuza kale, tikutsuka mbale, kuti mkulu wina wa m'deralo wakhala akulisirira dambo lawo kuyambira kale, ndipo akungodikira kuti amuna awo apunthwe. Ndikanapanda kupereka buku, kunali kulephera kachitatu.

Lachinayi ndinabwereka khasu. Ndinauza a Enoki kuti mwina pansi pa dzenje lija patsala maziko a chipilala chakale, kachidutswa kokha kosasuntha. Sananditsutse, anangotenga fosholo. Tinakumba kuyambira m'mawa. Tinkapeza zidutswa za simenti paliponse, pamwamba, pansi, m'mbali, zosakanikirana ndi mizu yowola, ndipo chilichonse ndinkachipukuta ndi chitenje n'kuchiyang'anitsitsa ngati chingandiuze pomwe chinachokera. Manja anatuluka matuza, matuzawo anaphulika. Ndinaganiza zothawira ku bikoni ina, ya cha ku Chezi, koma kalata ya mayeso inkatchula Chiwinga, ndipo tsikulo utsi sunachoke n'komwe. Ngakhale phiri la Ntchisi, lalikulu chonchija, silinkaoneka. Pofika masana ndinali m'dzenje lofika m'mawondo, ndikupalasa dothi ndi zala, ndikulankhula ndekha manambala.

Nditadzutsa mutu ndinaona a Chidothi ataima pafupi ndi bikoni yawo, chipewa m'manja. Sindikudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Sanandifunse ine. Anaitanira a Enoki pambali, ndipo ndinawaona akulankhula, a Enoki akuloza pansi, kenaka kumapiri osaonekawo, kenaka akutambasula manja kusonyeza mtunda. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto. Anavala chipewa, natsika.

Tinakwirira dzenjelo. Tinalongedza makina. Kuti tikafike ku Blantyre Lachisanu masana tinayenera kunyamuka tsiku lomwelo, ndipo munda wa sukulu ndinauyeza mothamanga dzuwa litapendeka, ana akutuluka m'kwaya n'kumatizungulira.

Titafika kunyumba tinawapeza a Chidothi pakhonde atavala jekete lakuda la ku mgonero. Pa tebulo panali envulopu. Mayi Chidothi anaima pakhomo, dzanja lagwira mphuthu ya chitseko, maso ali pa ine. Matenanti awiri omwe ankadutsa ndi makheni anachepetsa liwiro.

Anandipempha ndikhale. Anati a Enoki awafotokozera, ndipo tsopano amvetsa kuti chinthucho ntchito yake sinali kuoneka bwino koma kukhala pomwe anachiika. Anati zaka makumi anayi akhala akumanga, ndipo khoma lawo silinagwepo, koma izi sanazidziwe. M'kalatamo analemba zonse, chaka, mwezi, matumba a simenti, mayina a matenanti omwe anawathandiza, ndi kuti bwana wa 1983 uja anabwera bikoni itasuntha kale. Ankafuna ndikaipereke kwa akuluakulu anga pamodzi ndi buku, kuti adziwe kuti wolakwa si mwana wa eni. Ndikakana, anati, akaiponya okha ku positi ku Dowa Lolemba.

"Bambo ake a Ester," anatero mayi Chidothi motsitsa mawu. "Mayina a anthu aja mwalemberanji?"

"Anali pomwepo, mayi. Ndichotse bwanji?"

Anandikankhira envulopuyo. Inali yomata kale, adiresi yolembedwa ndi zilembo zoongoka za ku mishoni. Ndinaiyang'ana, ndinayang'ananso buku langa lomwe linali pamiyendo, lodetsedwa ndi dothi lenileni, masamba khumi ndi anayi a manambala olondola kuposa onse omwe ndinawalembapo. A Enoki anali ataliza kale landirova, ndipo ankayang'ana kwina.

"Ndiuzeni zoona, a Nambewe," anatero a Chidothi. "Inu ndi amene mwaphunzira. Ndi mlandu waukulu?"

Ndinatenga envulopuyo, ndinadzuka, n'kukaiika m'manja mwa mayi Chidothi.

"Kalatayi isapite kulikonse, bambo. Bikoni yanu ili pamalo pake. Ndikalemba choncho, ndipo ndikasayina ndine."